Mfundo pa Waya Wofiira

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Mesitiri Jowakimu. Sabata yathayi firiji yathu ya katemera, imene kuno timati jelera, inayamba kulira ngati mphaka wotsekeredwa m'nkhokwe, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinapezeka nditatulutsa foni kuti ndiwaimbire. Nditakumbukira kuti kulibe woyankha, ndinatsegula tsamba lawo la pa intaneti. Likadalipo. Ndinapeza pamene analemba za jelera yolira, ndinatsatira monga anafotokozera, ndipo kumbuyo kwa makinawo ndinatulutsako buluzi wouma. Jelera inakhala chete. Inenso ndinakhala pansi pomwepo, buluzi ali m'manja, munthu wakufa atangondikonzera chinthu.

Ine ndine namwino. Ndagwira ntchito m'tizipatala ta m'midzi ya boma la Milange, timene timangoti maposito, kuyambira pamene tinkamangidwanso nkhondo itatha. A Mesitiri ndiwo ankaika ndi kukonza zonse za magetsi m'mapositomo: masola a padenga, mabatire, majelera, ndi mawailesi olankhulirana amene tinkaitanira galimoto ya odwala mafoni asanabwere.

Anali munthu wamtali, wowonda, woyenda atapendeketsa mutu ngati akumvetsera chinthu chimene enafe sitikuchimva. Akafika pa posito sankafunsa kuti chavuta n'chiyani. Ankatenga sikuludiraiva, nsonga n'kuigunditsa pa makina, chigwiriro n'kuchiika pakhutu, kenako n'kutsinzina. Tonse tinkakhala chete, ngakhale amayi a pa mzere ankatonthoza ana awo. Ankakonda kunena kuti chitsulo sichifa mwadzidzidzi, chimayamba chadandaula masiku ambiri, koma womvera ndiye amasowa. Ankatinso makina sanama, wonama ndi amene anawagwira pomaliza. Akamanena zimenezo ankayang'ana ine, chifukwa ankadziwa kuti anzanga ena ankatchaja mafoni pa batire la jelera, ine n'kumawabisira.

Chimene tinkawaseka nacho n'chakuti waya aliyense ankayamba amuyeza ndi kamita kawo asanamulumikize. Wofiira ali apa, wakuda ali apo, zoti ngakhale mwana akhoza kuona, koma iwo ayi, mpaka kamita kanene. Ntchito ya mphindi khumi inkatenga ola. Tinkangoti ndi mwambo wa anthu akale ophunzitsidwa ndi azungu.

Nthawi ya nkhondo anali ku msasa wa othawa kwawo, tsidya la ku Mulanje, kumene ankakonza mawailesi a anthu pansi pa mtengo. Mtendere utabwera anali m'gulu la oyamba kubwerera. Anawoloka pa Muloza atasenza bokosi la zipangizo, akazi awo mayi Rozaliya atabereka mwana wina, ena awiri akuwatsogoza. Tauni ya Milange, imene ife timangoti Vila, anaipeza yopanda madenga. Mapapaya ankamera m'zipinda zogona, ndipo mapolo a magetsi anangoima m'mbali mwa msewu opanda waya ndi mmodzi yemwe. Zaka zoyambirirazo ankayenda pa njinga kupita ku Mongue ndi kupitirira, sola atamangirira kumbuyo, tayala likudutsa pokhapo pamene mapazi a ena apondapo kale, chifukwa cha mabomba okwirira.

Kuyambira nthawi imeneyo anali ndi chizolowezi chimene chinkandiimitsa tsitsi. Asanalowe m'bwinja lililonse, ngakhale litakhala khoma lokhalokha lopanda chitseko, ankaima n'kuodira, kenako n'kudikira. Ankadikira ndithu, monga munthu amadikirira mwini nyumba amene akuvala. Nditawafunsa tsiku lina, anati eni malo amenewa sanatsanzike pochoka, ndiye sitingadziwe ngati anachokadi.

Tsamba lija analiyamba netiweki itafika ku Vila, imvi zili kale mbuu. Achinyamata amati bulogu, koma iwo ankangoti kaderno, ngati kope la mwana wa sukulu. Ankalemba ndi zala ziwiri. Chinthu chilichonse chimene akonza sabata imeneyo ankachijambula, n'kufotokoza chimene chinafa, mmene chinkalirira chisanafe, ndi mmene anachidzutsira. Analemba za nyerere zomanga m'kabokosi kolamulira moto wa sola, za mavu a m'wailesi, za chiswe chodya mlongoti kuchokera m'kati kunja kukuoneka kwabwino. Chiganizo chinkayamba m'Chipwitikizi n'kukathera m'Chinyanja, ndipo akakwiya ndi wina wowononga batire pankagwera mawu a Chilomwe. Anthu a ntchito ngati yawo ku Tete, ku Nampula, mpaka ku Angola, anayamba kuwerenga n'kumafunsa mafunso m'munsi mwa nkhani iliyonse. Ngakhale ife anamwino tinayamba kuyang'anapo tikaona kuti a Mesitiri ali kutali.

Mayi Rozaliya sankakondwera nazo. Ankati amuna awo anatenga mitala, ndipo mkazi wachiwiriyo ndi wa nkhope ya galasi, sadziwa kuphika koma ndiye wokondedwa. Lamulungu lililonse akachoka ku Misa, a Mesitiri ankalunjika m'kanyumba kawo kokonzera zinthu kuseri kwa nyumba, mpaka chakudya kuzizira. Poyamba mayiwo ankalankhula moseka. Patapita zaka zingapo anasiya kuseka. Anandiuzapo kuti amuna awo salembanso ngati munthu wokonda kulemba, koma ngati munthu wotchera msampha amene amadzuka m'mawa kukaona ngati wakola.

Zimenezo ndinazimvetsa tsiku limene ndinakangana nawo kwambiri.

Mnzanga wina wa ntchito, a Ferenando, anali pa posito ya kutali kumene a Mesitiri ankafika kamodzikamodzi. Kabokosi kawo ka sola kataleka kugwira ntchito, anatenga katsopano m'sitolo n'kukalumikiza motsatira chithunzi cha pa tsamba la a Mesitiri. Kanapsa pomwepo. Jelera inazima masiku anayi, katemera yense n'kuwonongeka, ndipo inali nthawi imene chikuku chinkamveka m'midzi ya m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo. Amayi amene anayenda kuchokera mbandakucha atabereka ana anabwezedwa chimanjamanja. Nditayang'ana chithunzicho ndinaona ndekha kuti mawaya anali otembenuza.

Ndinawapeza m'kanyumba kaja dzuwa lili pamutu. Mayi Rozaliya anali panja pafupi ndi khomo, akusenda nandolo.

"A Mesitiri, chithunzi chimene munaika chija n'cholakwika."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ndinachita dala, achemwali."

Zimene ndinawanenera pamenepo sindingazilembe. Ndinaiwala kuti ndi munthu wa msinkhu wa bambo anga. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera, kenako anandikokera mpando.

"Khalani. Tengani mawaya awiri awa. Uyu ndi wamtundu wanji?"

"Wofiira."

"Nanga uyu?"

"Wakuda."

"Kwa ine onse ndi amodzi. Chibadwire changa."

Ndinayang'ana kamita kaja kali pa benchi, ndipo ndinachita manyazi ndi kuseka kwathu konse kwa zaka zija.

Anandiuza kuti nkhondo isanafike kuno ankagwira ntchito ya magetsi pa fakitale ya tiyi, iwo ndi mng'ono wawo Bento. Akanadziwika kuti sasiyanitsa mitundu akanachotsedwa tsiku lomwelo. Wodziwa chinsinsicho anali Bento yekha. M'mawa uliwonse Bento ankalawirira, n'kumanga kamfundo pa waya wofiira aliyense amene mkulu wakeyo adzagwire tsikulo, kuti azimva ndi chala. Anagwira choncho zaka zisanu popanda kapitao kuzindikira.

"Tsiku limene anthu a m'tchire analowa m'fakitale ndi mfuti, anatisonkhanitsa pa bwalo loyanikira tiyi. Sankafuna tiyi. Ankafuna munthu wodziwa wailesi. Wina anali atawauza kale dzina langa. Mkulu wawo anaima patsogolo panga n'kuti, ‘Jowakimu wa magetsi ndiwe?’ Rozaliya nthawi imeneyo anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Ndinati, ‘Ayi. Ndi uyo.’ Ndinaloza Bento."

Panja kusenda kwa nandolo kunaleka.

"Bento sanatsutse. Anandiyang'ana, kenako anaimirira n'kupukuta manja m'buluku. Podutsa pambali panga anangoti, ‘Achimwene, a m'chipinda cha injini aja sindinamalize kumanga.’ Ndi mawu omaliza amene ndinamva kwa iye."

Mtendere utabwera anamufunafuna. Anafunsa kwa asilikali osiya zida, kwa ansembe, kwa aliyense wochokera kumapiri. Ena ankati anamuona ku Morrumbala, ena ankati anafa chaka choyamba. Anasiya kufunsa, koma maliro sanalire.

Atatha kufotokoza anayatsa kompyuta n'kutsegula nkhani ina ya m'chaka chachitatu cha tsambalo. Tsiku limenelo anali atajambula chithunzi mofulumira osayeza, ndiye mawaya anatembenukadi mwangozi. M'munsi mwake munali mawu a munthu wosalemba dzina. Ndinawerenga ndi maso anga:

"Achimwene, wofiira mwamuika kwa wakuda. Mangani mfundo monga kale."



Anandionetsa zimene iwo anayankha. Anafunsa kuti ndinu ndani. Anafunsa kuti Bento, kodi ndiwe. Analemba dzina la mayi awo, dzina la mudzi wawo, nambala yawo ya foni. Panalibe yankho. Patapita miyezi iwiri analakwitsanso penapake pofotokoza za madzi a m'batire, ndipo munthu uja anabweranso ndi mzere umodzi: "Simunayang'ane bwino, achimwene. Madzi achepa." Pamenepo anazindikira kuti munthuyo sayankha moni, sayankha kulira, amangobwera pakalakwika chinthu. Ndiye anayamba kulakwitsa dala. Kamodzi pa miyezi ingapo ankaika cholakwa, n'kudikira masiku awiri kapena atatu, mawu akabwera n'kukonza msanga wina asanatsatire. Ulendo uno mawu anachedwa, ndipo a Ferenando ndi amene anafika poyamba.

"Ndi munthu wina akukuseweretsani," ndinatero.

"Ndani? Za maso angazi ngakhale Rozaliya sadziwa."

Mayi Rozaliya analankhula ali panja pomwepo, osatembenuka.

"Za masozo ndinkadziwa. Nsalu yofiira imene munandigulira kuti ndivale pa maliro a amalume anu ija, munkati ndi yakuda. Ndinangoibisa. Za Bentozi ayi. Munandiuza kuti anachita kumusankha okha."

Mayiwo ananyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Ndinamva pambuyo pake kuti anatha mwezi wathunthu akuphikira amuna awo ndi kuwachapira, koma osalankhula nawo.

Ine ndinawauza a Mesitiri kuti kaya ndi mzimu kaya ndi munthu, ana a eni ake asalipire mlandu umenewo. Mawa lake anakwera njinga yamoto kupita kwa a Ferenando, n'kukonza zonse. Tsiku la katemera litafikanso anaima pamaso pa amayi aja, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti wolakwa si namwino wawo koma iwo. Atabwerako anakonza nkhani zonse zimene anazipotoza dala. Kenako analemba nkhani imodzi yopanda chithunzi, m'Chinyanja chokhachokha, yofotokoza zimene zinachitika pa bwalo la fakitale. Sanadzikometsere pena paliponse.

Nkhaniyo inafalikira mu Vila. Ena anasiya kuwapatsa moni, ena amene sankawapatsa moni kale anayamba kuwapatsa, chifukwa ambiri mwa ife amene tinabwerera tinali ndi wina amene tinamusiya panjira. Akatekisi anabwera kudzawachenjeza kuti Mkhristu safunsira kwa akufa, kaya ndi ula kaya ndi kompyuta. A Mesitiri anawayankha kuti iwo safunsira kwa aliyense, akungodzudzulidwa pa ntchito, ndipo wodzudzulayo sanalakwitsepo. Anasiyana osagwirizana.

Dzinja lonse linatha munthu uja osalembanso. A Mesitiri anaonda. Ankati mwina anamuthamangitsa ndi chilungamo chawocho. Kenako, anthu atakolola chimanga, m'munsi mwa nkhani ya fakitale ija munabwera mawu:

"Wailesi ya ku Mukhwethe yafa. Bwerani."

Ku Mukhwethe kulibe posito, ndipo ife sitinaikeko wailesi. Ndi kamudzi ka m'tsinde mwa mapiri kupitirira Mongue, kumene ndinkapita kawiri pa chaka kukabaya katemera. A Mesitiri anali asanapondeko. Anandipempha kuti ulendo wotsatira anditenge iwo pa njinga yamoto, ndipo ndinavomera. M'mawa wa ulendowo mayi Rozaliya anawamangira mbatata zophika m'kansalu, n'kuwauza kuti akampeza Bento amuuze kuti mwana uja anabadwa wamwamuna.

Tinafika dzuwa litakwera. Ine ndinayala zinthu zanga pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kumafunsa anthu za wailesi. Ambiri ankangopukusa mitu. Mkulu wina, atawayang'anitsitsa nthawi yaitali, analoza nyumba ya kumapeto kwa mudzi, pamene anati panali msasa wa anthu a m'tchire aja. Nditamaliza ntchito tinapita limodzi.

Pakhomopo panali mayi wa zaka ngati makumi atatu, akupeta mapira. Atadzutsa mutu n'kuona a Mesitiri, anabwerera cham'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Dzina lake anali Lusiya. Ankalankhula Chilomwe, Chinyanja apo ndi apo.

"Musaope, mayi. Tikufuna munthu wotchedwa Bento."

"Ndi bambo anga," anatero, maso ali pa nkhope yawo. "Mwafanana nawo. Ndinayesa ndi iwo."

"Ali kuti?"

Analoza kuseri kwa nkhokwe. Panali mulu wa dothi wophwa, wozunguliridwa ndi miyala, pakumera chinangwa chongodzimerera.

Lusiya anati bambo ake anamwalira ndi chifuwa iye ali kamtsikana, patangopita zaka zochepa nkhondo itatha. Ndinawerengera mumtima. Nthawi imeneyo ku Vila kunalibe netiweki, ndipo a Mesitiri anali asanagwirepo kompyuta. Lusiya anati Bento anakwatira m'mudzimo nkhondo ili m'kati, ndipo mtendere utabwera anakana kutsikira ku Vila. Ankati mawu amene anawatumiza pa wailesi yake anawotchetsa midzi ya anthu amene ankawadziwa mayina, ndiye alibe nkhope yoti akaonetse kumeneko.

"Ankanenapo za mkulu wake?" a Mesitiri anafunsa.

"Ankati ali ndi achimwene odziwa ntchito kuposa iwo, koma a maso ovuta."

"Basi?"

"Basi."

Lusiya analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba la chiguduli. M'kati munali wailesi ya asilikali, yolemera, utoto utasupuka. Anati miyezi yomaliza ya moyo wawo bambo ake ankakhala padzuwa atatsegula wailesiyo, akugwiragwira m'kati. Atawafunsa chimene akuchita, anamuuza kuti wailesi yafa ndipo iwo alibe zokonzera, koma wokonza adzabwera, ndiye akumukonzera njira.

A Mesitiri anamasula chivundikiro. Ndinasuzumira pa phewa lawo. Waya wofiira aliyense m'katimo, ngakhale kochepetsetsa, anali ndi kamfundo.

Anaimirira n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Atafika pa miyala ija anavula chipewa n'kuodira. Anadikira nthawi yaitali kuposa mmene ndinawaonerapo akudikira. Kunalibe mphepo, ngakhale tsamba la chinangwa silinagwedezeke. Kenako anagwada.

"Ankafuna ine, Bento. Unkadziwa. Rozaliya akuti ndikuuze kuti mwana uja anabadwa wamwamuna."

Atabwerera anakhala pa mphasa, wailesi ili pamiyendo. Kamita kaja sanakatulutse m'chikwama. Aka kanali koyamba kuwaona akugwira ntchito popanda kuyeza. Zala zawo zinkangoyenda pa mawaya, zikapeza mfundo n'kuima. Anasintha tinthu tiwiri, anakanda dzimbiri penapake, anaponya waya wautali pa nthambi ya mtengo, kenako analumikiza ku batire la njinga yamoto. Anthu a m'mudzimo anali atasonkhana chapatali. Wailesi itayamba kusokosera ngati mvula ya pa malata, akuluakulu ena anatembenuka n'kumapita. Phokoso limenelo ankalikumbukira.

A Mesitiri anatenga cholankhulira n'kudina.

"Ndafika. Esikuto."

Mawu amenewo ndi a Chipwitikizi, otanthauza kuti ndikumvetsera, ndipo ndi amene tinkamalizira nawo tikamalankhula pa wailesi. Anachotsa chala. Phokoso lija linabwereranso. Tinadikira. Kenako phokosolo linaduka kawiri motsatizana, pang'ono chabe, monga zimachitikira wina kwinakwake akadina cholankhulira chake kawiri osanena kanthu. Ife a m'maposito tinkachita zimenezo batire likafooka, kutanthauza kuti ndamva.

Ndikudziwa kuti wailesi imatola za kutali. Angakhale msodzi wa ku nyanja ya mchere, kapena mlonda wa pa kampani ina kumene sindikudziwa. Ndikungonena zimene ndinamva, ndipo Lusiya anamvanso, chifukwa anandigwira pa mkono. A Mesitiri anazimitsa wailesiyo, anabwezera chivundikiro, n'kuipereka kwa Lusiya ndi manja awiri.

Munthu wopanda dzina uja sanalembenso.

Ndakhala ndikuganiza kuti anali ndani. Ku Mukhwethe kunalibe netiweki, ndipo Lusiya sadziwa kuwerenga. Mwina anali mnzake wa Bento wa m'tchire, amene anamva nkhani ya mfundo ija ali limodzi kumapiri, tsopano ali ku Mocuba kapena ku Quelimane, ndipo anafuna kuti abale awiriwa apezane popanda iye kuonekera. Nthawi ina ndinaganizapo kuti a Mesitiri ankadzilembera okha osazindikira, chifukwa mtima wolemedwa umachita zambiri. Koma dzina la Mukhwethe akanalitenga kuti? Nditawafunsa maganizo awo, anati chinthu chikayamba kugwira ntchito suchitsegulanso kuti uone chifukwa chake.

Chilimwe chomwecho anabwereranso ku Mukhwethe ndi mayi Rozaliya ndi thumba la simenti, n'kumanga manda aja. Analira maliro kumeneko monga mwa mwambo, ndipo akatekisi aja anapita nawo kukatsogolera mapemphero. Lusiya anayamba kubwera ku Vila nthawi ya Khirisimasi, n'kumawatchula kuti bambo aakulu.

Tsamba lija analisungabe zaka zina zisanu ndi chimodzi. Pamwamba pake analemba kuti wolemba pano sasiyanitsa wofiira ndi wakuda, choncho aliyense ayeze yekha asanalumikize. Mafoni atafika ponseponse, ndi iwo omwe anayendayenda m'maposito kugwetsa milongoti imene anaidzutsa okha, ndipo analembanso za mmene mlongoti umagwetsedwera osaswa denga. Owerenga anachepa, poti achinyamata amakonda kuonera mavidiyo, koma iwo Lamulungu lililonse ankalembabe. Mayi Rozaliya anasiya kudandaula, chifukwa tsopano amuna awo akaitanidwa ku chakudya ankabwera. A Mesitiri anagwa m'munda akupalira nandolo, mbali imodzi ya thupi n'kufa, ndipo anamwalira patapita masiku atatu. Nkhani yawo yomaliza ndi ya kapukutidwe ka fumbi pa sola nthawi ya chilimwe. Ndi yaifupi, ndipo ilibe cholakwa.

Lamulungu lapitali, titachoka ku Misa yowakumbukira, ndinaperekeza mayi Rozaliya kunyumba. Ananditsegulira kanyumba kaja. Pansi amasesapo, koma pa benchi sagwirapo. Timabotolo ta misomali tili pa mzere wake, magalasi awo owerengera ali pomwe anawasiya, mpando uli chokankhidwira kumbuyo pang'ono ngati munthu wangotuluka kukamwa madzi. Ana anatenga kompyuta, ndiye pakhoma pangotsala chingwe chake chikulendewera. Tinaima pakhomo tikucheza za mvula, malata akuyamba kuthetheka ndi dzuwa.

Mwadzidzidzi ndinamva kanthu kakugunda pang'ono pamwamba pa shelefu. Kanali kafani kakang'ono kokupiza mphepo, kochokera m'makina ena akale. Kanagwedezeka, n'kuyamba kuzungulira, popanda munthu wokagwira.

"Anakalumikiza ku sola okha," mayi Rozaliya anatero. "Kukangotentha kamadziyatsa. Ana akuti ndidule waya. Ndawauza kuti akasiye."

Tinaima pomwepo. Kafaniko kanali kolozetsedwa pa mpando, pa msinkhu wa nkhope ya munthu wamtali atakhala pansi, ndipo kankakupiza pamenepo mosalekeza.